TV levy ikhale, koma ZNBC ikhale ya amene akulipira

Aliyense mu Lusaka muno amene amalipira dikoda mwezi ndi mwezi amalipiranso ZNBC, nyumba youlutsa mawu ya dziko la Zambia, afune asafune, aonere asaonere. Ukaima pa kabuthu ka mobile money ku Matero kapena ku Chawama kuti ulipire GOtv, TopStar kapena DStv, m'ndalama imene mtsikana wa m'kabuthumo akukutchulira muli kale msonkho uja timautcha TV levy. Mu 2018 anauika pa K5 pamwezi, kutanthauza K60 pachaka. K5 ndi kandalama kosakwana ngakhale basi yochokera ku Kanyama kukafika m'tauni, koma kamawawitsa anthu mtima kuposa kukula kwake. Chimawawa anthu ndi kukakamizidwa kulipirira nyumba youlutsa mawu imene ambiri amaiona ngati mneneri wa chipani cholamula, chilichonse chimene chili pampando nthawi imeneyo.

Ine ndili kumbali yakuti msonkhowu ukhale. Koma amene akufuna kuti uthe sakulankhula zopanda mutu. Msonkhowu unabwera pamodzi ndi lonjezo, ndipo lonjezolo ndi limene silinasungidwe.

Wailesi m'dziko muno inayamba ngati chida cha boma. Atsamunda anatsegula siteshoni mu Lusaka mu 1941, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ili mkati, kuti azifikitsa kwa anthu nkhani za nkhondoyo ndi mauthenga a boma. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa koyendera batire kotchedwa Saucepan Special, ndipo mawu ochokera ku Lusaka anayamba kumveka m'midzi. Kanema anayambira ku Kitwe mu 1961. Titalandira ufulu mu 1964 zonsezi zinagwera m'manja mwa boma la UNIP, ndipo m'zaka za chipani chimodzi panalibe amene ankayembekeza kumva mawu otsutsa pa wailesi. Lamulo la 1987 linasandutsa Zambia Broadcasting Services kukhala ZNBC, koma mwini wake anakhalabe yemweyo. Asilikali ofuna kulanda boma ankazidziwa bwino zimenezi. Mwamba Luchembe mu 1990 ndi Captain Solo mu 1997 onse anathamangira ku situdiyo za ku Mass Media Complex, poganiza kuti wogwira maikolofoni ya pamenepo wagwira dziko.

Mu 2002, a Levy Mwanawasa ali pampando, Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo awiri amene mabungwe a atolankhani anawamenyera nkhondo kwa zaka zambiri. Limodzi linakhazikitsa IBA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi makanema onse. Linalo linasintha lamulo la ZNBC kuti ichoke m'manja mwa boma ndi kukhala ya anthu onse. Kuti zimenezi zitheke panafunika zinthu ziwiri zoyendera limodzi. Bodi ya ZNBC inayenera kusankhidwa kudzera m'komiti ya anthu ochokera kunja kwa boma, monga a mipingo, maloya ndi mabungwe omwe si aboma, ndipo mayinawo azipita ku Nyumba ya Malamulo. Ndalama nazo zinayenera kuchokera m'matumba a anthu mwachindunji, osadzera ku Unduna wa Zachuma. Ndiye chiyambi cha K3,000 ya pamwezi ija, imene inasanduka K3 atadula maziro atatu pa kwacha mu 2013.

Mbali ya ndalama sinavute kuyamba, poti anangoiphatikiza pa mabilu a magetsi a ZESCO. Mbali ya bodi ndi imene inakakamira. Nduna yofalitsa nkhani inakana ena mwa mayina amene komiti ija inasankha, mabungwe a atolankhani anakasuma, ndipo mu 2004 High Court inagwirizana nawo. Boma linachita apilo, ndipo mu 2007 Supreme Court inagamula kuti nduna ili ndi mphamvu yokana mayinawo. Mu 2010, pa nthawi ya a Rupiah Banda, lamulo linasinthidwanso, komiti ija inachotsedwa, ndipo udindo wosankha bodi unabwerera kwa nduna, aphungu n'kumangovomereza. Tonse tikudziwa kuti m'Nyumba ya Malamulo chipani cholamula ndicho chimakhala ndi mavoti ambiri. Choncho anthu anapitiriza kupereka mbali yawo ya panganolo mwezi uliwonse, pamene mbali ya boma inafufutidwa m'buku.

Zotsatira zake taziona ndi maso athu pa nkhani za 19:00. Chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalira kuti ZNBC siionetsa misonkhano yake, chikalowa m'boma kulira kuja kumatha, n'kuyamba kulira amene atuluka. A MMD analira pa nthawi ya UNIP, a PF pa nthawi ya MMD, a UPND pa nthawi ya PF, ndipo otsutsa a lero akudandaula chimodzimodzi. Oyang'anira chisankho ochokera ku European Union analemba m'malipoti awo a 2016 ndi 2021 kuti nyumba zofalitsa nkhani za boma zinakondera chipani cholamula. Munthu amene anavotera chipani china, n'kumaona ndalama yake ikulipirira nkhani zonyalanyaza chipani chakecho, ali ndi chifukwa chomveka chokwiyira.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuti msonkhowu usathe? Chifukwa nyumba youlutsa mawu iliyonse imadya kuchokera m'thumba la wina wake, ndipo mwini thumba ndiye amamvedwa. Matumbawo alipo atatu okha. Loyamba ndi la amalonda. Siteshoni yodalira zotsatsa malonda imagulitsa maso ndi makutu a omvera ake kwa makampani a mafoni, a mowa, a mabanki ndi a kubetcha mpira, ndipo makampaniwa amafuna anthu okhala ndi ndalama zogulira, amene ambiri ali m'mbali mwa njanji kuyambira ku Livingstone kufika ku Copperbelt. Lachiwiri ndi la boma. Ndalama ya m'bajeti imatuluka nduna ikafuna, ikhoza kuchedwa, ikhoza kudulidwa, ndipo mkonzi wa nkhani amene malipiro a antchito ake akudikira siginecha ya ku unduna amaganiza kawiri asanaulutse nkhani yochititsa boma manyazi. Lachitatu ndi la ife omvera. Pa matumba atatuwa ndi lokhali limene lingachititse ZNBC kuopa anthu wamba kuposa mmene imaopera nduna kapena kampani.

Zili ngati mjigo wa m'mudzi. Banja lililonse limasonkha kandalama pamwezi kuti ukawonongeka ukonzedwe, ngakhale banja limene lili ndi chitsime chake kuseri kwa nyumba, chifukwa tsiku la chilala onse adzathamangira pomwepo. Vuto limabwera pamene kiyi wa mjigowo akusungidwa ndi munthu mmodzi amene amatsegulira abale ake okha. Zikatero anthu anzeru amakalanda kiyiyo n'kuupereka ku komiti yosankhidwa ndi mudzi wonse. Akangoleka kusonkha, mjigo umafa kapena umagulidwa ndi mwini kiyi yemweyo.

Kuthetsa TV levy sikungaitseke ZNBC, ndipo palibe boma limene lingalole kuti itsekedwe. Chimene chingachitike n'chakuti ndalama yosowayo idzachokera ku Unduna wa Zachuma, ndiye kuti idzachokerabe m'misonkho yathu, koma tsopano popanda chizindikiro chilichonse chosonyeza kuti talipira ndife. Lero munthu angathe kuimba foni pa pulogalamu n'kunena kuti, "Ndimalipira levy, ndikufuna kumva mbali zonse." Mawu amenewa ali ndi mphamvu, ndipo sindikufuna kuti tiwataye.

Palinso ntchito zimene msika suzigwira. Radio 1 ya ZNBC imaulutsa m'zilankhulo zisanu ndi ziwiri: Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Ife olankhula Chinyanja tili ndi mwayi, poti chilankhulo chathu ndi cha m'misika ya Lusaka, ndipo amalonda amachifuna. Koma ndi kampani iti imene ingalipirire nkhani za dziko lonse m'Chiluvale tsiku lililonse kuti zimveke ku Chavuma, kapena m'Chilunda kuti zifike ku Mwinilunga? Ndi siteshoni iti yamalonda imene ingaike makina oulutsira mawu kudera limene anthu ake ndi ochepa ndipo alibe zogula zambiri? Makolo athu amakumbukirabe nthano za a Julius Chongo pa pulogalamu ya Poceza m'Madzulo, ndi mawu a a Dennis Liwewe akuulutsa mpira wa timu ya dziko. Zimenezo zinamanga mtundu, ndipo zinatheka chifukwa panali wailesi imodzi yofika paliponse. Kolera itavuta mu Lusaka mu 2017 ndi 2018, n'kubweranso mu 2023 ndi 2024 mpaka Heroes Stadium kusanduka chipatala, uthenga wa kuwiritsa madzi ndi kuthira klorini unafunika kufika kwa aliyense m'chilankhulo chake, popanda kufunsa kuti alipira ndani.

Amalume anga a ku Katete alibe TV, ndipo magetsi sanafike kwawo. Ali ndi kawailesi kamene mlongoti wake unathyoka n'kuulumikiza ndi waya, ndipo mabatire akafooka amawayanika padzuwa pamwamba pa nkhokwe kuti atoleko mphamvu. Nditawafunsa kuti, "Amalume, kodi mumamvera chiyani pamenepa?" anandiyankha kuti, "Mphwanga, ine ndimafuna kumva za maliro, za mvula, ndi tsiku limene feteleza afika ku depoti." Iwo salipira ngwee iliyonse ya TV levy, ndipo ine ndikuona kuti n'zoyenera kuti ife a m'tauni okhala ndi madikoda tiziwalipirira. Ndi amene amalima chimanga chimene timadya.

Koma nkhani ya amalume yomweyi ili ndi mbali ina imene oikira kumbuyo ZNBC sakonda kuitchula. Zambiri zimene iwo amamva masiku ano amazimva pa mawailesi a kwawo komweko, monga Breeze FM ndi Radio Maria za ku Chipata. Chiyambire zaka za m'ma 1990, pamene Radio Christian Voice ndi Radio Phoenix zinatsegula njira, mawailesi a m'madera achuluka m'dziko lonse. Ndiwo amalengeza maliro a m'mudzi, ndiwo amaitana khansala kuti ayankhe za mlatho wokokoloka, ndipo ambiri amayenda movutika, antchito ake ena ongodzipereka. Ntchito yotumikira anthu imene msonkhowu unapangidwira akuigwira, koma pa ndalamayo sapatsidwapo kanthu. Apa ndikugwirizana ndi otsutsa. Ngati msonkhowu ndi wolipirira ntchito yotumikira anthu, gawo lina liyenera kupita m'thumba lapadera limene mawailesi a m'madera ndi opanga mapulogalamu a ana, a ulimi ndi a zilankhulo zathu angapemphemo, ndipo ogawa ake asakhale andale.

Mkanganowu uliponso m'mayiko ena. Ku Britain laisensi ya BBC inafika pa £174.50 pachaka mu 2025, ndipo kukambirana za tsogolo lake kwakula poti chikalata chimene BBC imayendera chikutha kumapeto kwa 2027. France inathetsa msonkho wake mu 2022 n'kuyamba kupereka ndalama kuchokera ku VAT. Finland mu 2013 ndi Sweden mu 2019 anasiya laisensi n'kuika msonkho wapadera wotengera zimene munthu amapeza. Amene amafuna kuti TV levy ithe amakonda kutchula mayiko amenewa, koma amaiwala kuti onsewa sanasiye kulipirira mawailesi awo a anthu onse, anangosintha katoleredwe. Ku Switzerland mu 2018 anthu anafunsidwa mwachindunji pa voti ngati akufuna kuthetsa msonkhowu, ndipo oposa 70 pa 100 alionse anakana.

Chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha Germany. Kumeneko chiyambire 2013 nyumba iliyonse imalipira, kaya ili ndi TV kaya ilibe, ndipo kuchuluka kwa ndalamayo kumawerengeredwa ndi komiti ya akatswiri yoima payokha. Mu 2020 chigawo cha Saxony-Anhalt chinatsekereza kukweza kumene komitiyo inapempha. Nkhaniyo inapita ku khoti loona za malamulo oyendetsera dziko, ndipo mu 2021 khotilo linalamula kuti ndalamayo ikwere kufika pa €18.36 pamwezi, ponena kuti andale sayenera kugwiritsa ntchito ndalama pofuna kupanikiza oulutsa mawu. Chitetezo chotere ife tilibe. Kwathu kuno wosankha bodi, wokweza msonkho ndi wopereka thandizo la m'bajeti ndi boma lomwelo.

Katoleredwe kathu kali ndi ubwino umodzi waukulu. Ku South Africa laisensi ya SABC ndi R265 pachaka, koma anthu oposa 8 pa 10 alionse salipira, chifukwa munthu amayenera kudzipereka yekha kukalipira. Ife ndalamayo imadulidwa pamodzi ndi chinthu chimene munthu akuchifuna, ndiye kuzemba n'kovuta ndipo sipafunika gulu la anthu oyenda khomo ndi khomo. Pa nthawi ya mabilu a ZESCO panali madandaulo akuti okhala ndi mita koma opanda TV ankadulidwa nawo, pamene mabanja angapo ogawana mita imodzi m'komboni ankalipira ngati nyumba imodzi. Kusintha kwa malamulo mu 2017 kunasamutsira ntchitoyi kwa makampani a madikoda, amene amatolera ndalamayo n'kuipereka ku IBA kuti ifike ku ZNBC. Italy inachita zosiyana ndi ife, poti mu 2016 inasamutsira msonkho wa RAI pa mabilu a magetsi pofuna kuchepetsa ozemba.

Koma njira ya dikodayi yayamba kale kutha mphamvu. Achinyamata a ku Kalingalinga ndi ku Mtendere amaonera nkhani ndi mpira pafoni, kudzera pa Facebook, YouTube ndi TikTok, ndipo ZNBC nayo imaulutsa pa Facebook kwa anthu amene salipira levy. Munthu akalephera kulipira dikoda mwezi umenewo, levy nayo palibe, ndipo mu 2024, magetsi akuzima maola ambiri patsiku chifukwa cha kuchepa kwa madzi ku Kariba, panalibe chifukwa choti banja lilipirire dikoda imene silingaonere. Palinso kusalungama kwakuti mayi wogulitsa tomato ku Soweto Market ndi bwana wa ku Kabulonga amalipira ndalama yofanana. Pa K5 kusiyanaku sikuoneka kwenikweni, koma msonkhowu ukakwera kudzayamba kupweteka, ndipo zingakhale bwino kuti wolipira phukusi lodula la DStv azipereka zambiri kuposa wa phukusi lotsikitsitsa.

Tiwerengere pang'ono. Tiyerekeze kuti madikoda 1 miliyoni akulipiridwa mwezi uliwonse osaphonya. Pa K5, ndalama yake ndi K60 miliyoni pachaka. Ndalama imeneyi iyenera kuthandiza pa malipiro a antchito, mafuta a magalimoto opita kukatola nkhani m'zigawo khumi, magetsi, makamera, ndi ufulu woonetsa mpira umene umagulidwa ndi madola. Pakati pa 2018 ndi 2024 kwacha inagwa kwambiri, ndipo thumba la ufa wa breakfast la 25kg linapitirira K300. K5 yosasuntha pa nthawi yotere imachepa mphamvu chaka ndi chaka. Mapeto ake msonkhowu umakwanitsa kukwiyitsa olipira, koma sukwanitsa kumasula ZNBC, imene imakakamizika kulimbirana zotsatsa malonda ndi masiteshoni a anthu wamba ndi kupemphanso thandizo ku boma.

Pamwamba pa izi pali nkhani ya TopStar. Posamukira ku kanema wa dijito, ntchito imene mtengo wake unanenedwa kuti ndi $273 miliyoni ndipo mbali yaikulu inali ngongole yochokera ku Exim Bank ya ku China, panapangidwa kampani ya TopStar, imene StarTimes ya ku China ili ndi magawo 60 pa 100 ndipo ZNBC ili ndi 40. Kampaniyi ndi imene imanyamula masiginolo a makanema ena kupita m'nyumba za anthu. Ndiye kuti ZNBC ili ndi gawo m'kampani imene opikisana nayo ayenera kudzeramo, imenenso ndi m'modzi mwa otolera levy. Wolipira msonkho ayenera kuuzidwa momveka ngati ndalama yake ikupita ku mapulogalamu kapena ikukhudzidwa ndi ngongole imeneyi.

Sindikhutiranso ndi zoti IBA ndiyo izigwira ndalamayi. IBA inayamba kugwira ntchito mu 2013, patatha zaka zoposa khumi lamulo lake litavomerezedwa, ndipo bodi yake nayo imasankhidwa ndi nduna. Ndi bungwe lomweli limene linaimitsa Muvi TV, Komboni Radio ndi wailesi ya ku Itezhi Tezhi chisankho cha 2016 chitangotha, n'kulandanso laisensi ya Prime TV mu 2020, imene inabwezedwa mu 2021 boma litasintha. Woweruza masiteshoni onse sayenera kukhalanso msungichuma wa siteshoni imodzi.

Chimene ndikufuna kuona choyamba ndi kubwerera kwa komiti yosankha bodi yoima payokha, ndipo ulendo uno lamulo linene mosabisa kuti nduna ilibe mphamvu yofufuta dzina, kuti zimene zinachitika mu 2007 zisabwerezedwe. Ofuna kukhala m'bodi azifunsidwa mafunso poyera pamaso pa komiti ya aphungu a zipani zonse, ndipo nthawi yawo isamathere pamodzi ndi nthawi ya boma. Mkulu wa ZNBC azilembedwa ndi kuchotsedwa ndi bodiyo basi. Kuchuluka kwa levy kuziunikidwa pa zaka zoikika ndi anthu odziwa za chuma amene sali pansi pa unduna.

Ndipo pasakhale kukweza kulikonse, ngakhale kwa K1, mpaka ZNBC itayamba kusindikiza chaka chilichonse ndalama zimene yalandira kuchokera kwa kampani iliyonse ya madikoda ndi mmene yazigwiritsira ntchito, pamodzi ndi maola amene chilankhulo chilichonse chapatsidwa. Pa nthawi ya kampeni izitulutsa sabata iliyonse mphindi zimene chipani chilichonse chapatsidwa pa nkhani za madzulo. Zimenezi sizifuna makina atsopano kapena ngongole ina, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku mabungwe a boma, limene a Hakainde Hichilema anasaina mu Disembala 2023, likupatsa kale mtolankhani aliyense kapena wolipira levy aliyense poyambira kufunsa ziwerengero zimenezi.